Nyumba za Makonde Aakulu

Amene tidabadwa dziko lino likadatchedwa Nyasaland tatsala ochepa, ndipo nyumba zimene tidakula tikuziona zikutha limodzi nafe. Zina zidagwa zokha, zina adazigumula kuti pamalopo pamangidwe masitolo, zina zikadaima koma madenga akudontha. Kumene zatsala zamphumphu ndi m'zithunzi zakale zija zakuda ndi zoyera, zimene zambiri zidafiira chifukwa chokhalitsa. Zithunzi zimenezi ndimazikonda kwambiri, ndipo chikondi changa chili ndi pochokera. Bambo anga adali mmisiri wa matabwa, amalume anga adali khukhi, ndipo onse awiri mphamvu zawo adazithera m'nyumba zoterezi. Ambiri akaona chithunzi cha nyumba ya bwanamkubwa amaona ulemerero wa azungu. Ine maso anga amathamangira pa chitseko, pa mzati, pa simenti yonyezimira ya pakhonde, chifukwa pamenepo ndi pamene padadutsa manja a anthu akwathu.

Tiyambire pa Mandala, ku Blantyre. Nyumba imeneyi idamangidwa mu 1882, ndipo pa nyumba zonse zachizungu zimene zikadaima m'dziko muno palibe yakale kuposa iyi. Idali ya kampani ya African Lakes, imene idabadwira ku Glasgow mu 1878, ndipo kuno ankaiyendetsa abale awiri, John Moir ndi Frederick Moir. M'zithunzi zakale imaoneka itaima pamtunda, yosanjikiza, khonde litaizinga, mizati itandandalika kunyamula denga. Zithunzi zina za pamalopo zimaonetsa katundu wa malonda, minyanga ya njovu itayalidwa pansi, ndi anthu ataima kuyembekeza kusenza. Mzinda umene lero waizungulira ndi magalimoto ndi nyumba zitalizitali kudalibe. Kudali tchire, minda ndi tinjira ta miyendo, uku phiri la Soche, uko la Ndirande.

Kuti mumve kulemera kwa chithunzi chotere, kumbukirani kuti njanji idafika ku Blantyre mu 1908, nyumbayo itatha zaka 26 ili chiimire. Chilichonse chimene sichidali dothi, mwala, udzu kapena mtengo chinkachokera kutsidya kwa nyanja: misomali, mahinjesi, maloko, magalasi a mazenera, malata. Zinkabwera pa sitima za pamadzi kudzera mu Zambezi ndi mu Shire mpaka kwa Katunga, kufupi ndi Chikwawa, poti kumtunda kwa pamenepo mtsinje uli ndi mathithi. Kuchoka apo katundu ankakwera phiri pamitu ya amtengatenga. Aliyense amene adayendapo pa msewu wa Chikwawa akudziwa mmene chikweza chija chimaliritsira ngakhale galimoto yamphamvu. Tsono ganizirani munthu wopanda nsapato, nkhata pamutu, atasenza bokosi la magalasi limene sayenera kuligwetsa ngakhale apunthwe. Zenera lililonse la nyumba zoyamba zija lidakwera phiri limenelo pamutu pa munthu.

Njerwa ndizo zinkaumbidwa pompano. Amuna ankakumba dothi, kuliponda ndi mapazi, kulitsendera m'zikombole, amayi ali kalikiliki kutunga madzi kumtsinje. Simenti idali yosowa ndi yodula, motero makoma ambiri ankawamanga ndi matope, kenako n'kupaka njereza. Apa ndi pamene pagona nkhani ya makonde aakulu aja. Khoma lomangidwa ndi matope mdani wake ndi mvula. Khonde lotambalala limatchinga mvula ya mphepo kuti isamenye khoma, limatchinganso dzuwa la mu Okutobala kuti m'nyumba muzikhala mozizira. Maziko ankawakweza, n'chifukwa chake pakhomo pamaoneka masitepe, kuti chinyezi chisakwere ndiponso kuti njira za chiswe zizioneka msanga. Siling'i ankaiika kutali kuti mpweya wotentha uzikwera kusiya anthu pansi. Makolo athu nzeru imeneyi adali nayo kale. Nyumba ya kumudzi ili ndi khonde lake, nsanamira zake, ndi denga la udzu lotsika kuteteza khoma lomata. Amene adabwera ndi mapulani ochokera ku Scotland adapeza kuti mvula ya kuno imamvera lamulo lomwelo limene agogo athu ankalidziwa.

Sukulu yaikulu ya umisiri wa njerwa idali tchalitchi cha St Michael and All Angels pa mishoni ya Blantyre, chimene chidamangidwa kuyambira 1888 mpaka 1891. Wotsogolera ntchito, Mbusa David Clement Scott, sadaphunzire zojambula nyumba, ndipo amuna amene adaumba ndi kuyala njerwa adaphunzirira pantchito pomwepo. Njerwa zake n'zamitundumitundu, zina zokhota, zina zosongoka, zina zoumbidwa m'zikombole zosemedwa mwaluso. Mutu umodzi susenza denga, ndipo denga lija lidasenzedwa ndi mitu yambiri imene mayina ake sitikuwatchula. Luso limene lidayambira pamenepo silidafe. Mu 1909 pamishoni pomwepo padatsegulidwa Henry Henderson Institute, pamene anyamata ankaphunzira maphunziro a m'kalasi pamodzi ndi ntchito zamanja. Bambo anga sowo ndi puleni adazigwirira koyamba kumeneko, ndipo mpaka ukalamba wawo ankanyadira kuti adali mwana wa HHI.

Bambo ntchito adakaipeza ku Zomba, ku dipatimenti ya boma yomanga ndi kukonza nyumba, imene tonse tinkangoti PWD. Zomba ya masiku amenewo idali likulu la dziko, ndipo idakhala likulu mpaka 1975. M'mbali mwa phiri mudali nyumba za akuluakulu a boma, zobisika m'mitengo, madenga a malata opakidwa utoto wofiira kapena wobiriwira. Yakale mwa zonse idali Residency, imene John Buchanan adamangira kazembe wa Britain, Hawes, mu 1886. Simungaisokoneze ndi ina m'chithunzi chilichonse: ili ndi nsanja ziwiri za mbali zisanu ndi imodzi, ina kuno ina uko, zonse zosongoka pamwamba, khonde lili pakati. Harry Johnston atafika mu 1891 kudzakhazikitsa ulamuliro wa Angerezi adakhala m'menemo, ndipo kumunsi kwake, m'mbali mwa Mulunguzi, Alexander Whyte adayamba munda wa mitengo ndi maluwa umene ulipo mpaka lero. Pambuyo pake abwanamkubwa adasamukira ku Government House, imene tsopano ndi State House, ndipo nyumba ya nsanja ija idadzakhala Hotel Masongola.

Pa tchuthi cha sukulu bambo ankanditenga kuti ndiziwanyamulira bokosi la zida. Ankatumidwa kukakonza zenera lokanika kutseka, kusintha thabwa lodyedwa ndi chiswe, kapena kukhoma siling'i eni nyumba atsopano asadalowe. Tikafika sankayamba ndi nyundo. Ankayamba kuzungulira nyumba yonse mwakachetechete, kugogoda mizati ndi chala, kugwada kuyang'ana kunsi kwa chitseko. Tsiku lina adandiitana nati, "Iwe, tabwera kuno. Uone chitseko ichi. Ukuonapo msomali?" Ndidati, "Ayi, bambo, sindikuuona." Iwo adati, "Palibe. Adaboola thabwa ili, n'kusema linzakeli kuti lilowemo ndendende, n'kukhoma ka mtengo. Amene adachita izi adali mmisiri, mwana wanga. Ukamutchula uzivula chipewa." Sankamudziwa munthuyo, mwina adamwalira iwo asadabadwe, koma ankamulemekeza ngati mkulu wawo. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo kudekha kumeneko ndiko bambo adandisiyira poyang'ana nyumba ndi zithunzi zake.

Mitengo ankaidziwa ndi mphuno. Mbawa, wofiirira ndi wolemera, udali wa matebulo ndi makabati. Mlombwa, wa mizere yokongola, udali wa zitseko ndi mipando. Koma mfumu ya yonse idali mkungudza wa ku Mulanje. Chiswe sichiukonda, suola msanga, ndipo fungo lake limakhala m'thabwa zaka zambirimbiri. Bambo akaupala, nyumba yonse inkanunkhira, ndipo amayi ankatola zopalapala zake kukaika m'bokosi la zovala. Matabwa ake ankachekedwa pamwamba pa phiri ndi macheka aakulu a anthu awiri, wina ataima pa chipika wina ali m'dzenje utuchi ukumugwera m'maso, kenako amuna ankatsika nawo pamutu m'njira zoterera za phirilo. Dzina lake la sayansi, Widdringtonia whytei, likukumbutsa Whyte yemwe uja wa munda wa ku Zomba, ndipo ndi mtengo wa fuko lathu. Lero mitengo yake ikuluikulu idatha pafupifupi yonse paphiripo chifukwa cha macheka ndi moto. Motero mapaso, mafelemu ndi masiling'i a mkungudza a m'nyumba zakale ndi chuma chimene sitingachigulenso pamsika uliwonse.

Tilowe m'kati tsopano, monga zithunzi zimatilowetsera. Pabalaza pa nyumba za zaka zoyambirira zija pamakhala podzaza ndi zinthu. Pansi pali chikopa cha kambuku kapena cha mbidzi, nthawi zina mkeka woluka kumudzi. Pakhoma pali nyanga za ngoma ndi za njati, mikondo yopingasa, zithunzi za achibale a eni nyumba ndi cha mfumukazi Victoria. Mipando yambiri ndi yoluka, yopepuka, poti yolemera ikadavuta kusenza. Pali mpando wandalema, tebulo lofunda nsalu yofika pansi, nyale ya parafini ya galasi lalitali, shelefu ya mabuku, ndipo m'nyumba za amishoni limba laling'ono loimbira nyimbo madzulo. Ku Zomba, ku Thyolo ndi ku Mulanje simulephera kuona malo osonkhapo moto m'khoma, chumuni chake chitatulukira padenga, chifukwa chiperoni cha mu Juni ndi Julayi sichiona nkhope. Kuchipinda, bedi lachitsulo, neti ya udzudzu itamangidwa mfundo pamwamba, beseni ndi jagi ya madzi patebulo. Mukayang'anitsitsa mumaona mtima wa munthu amene ali kutali ndi kwawo, wofuna kuti chipinda chimodzi chimukumbutse Edinburgh kapena London, koma chomangidwa ndi dothi la kuno, matabwa a kuno ndi milaza ya kuno.

Adzukulu anga amadabwa kuti zipinda zimenezi n'chifukwa chiyani nthawi zambiri zimaoneka zopanda munthu. Yankho lili mu kamera ya nthawiyo. Idali bokosi lalikulu loima pa miyendo itatu, wojambula atafunda nsalu yakuda kumutu, ndipo chithunzi chinkagwidwa pa galasi lopakidwa mankhwala. Galasi limeneli linkafuna kuwala kochuluka. Panja padzuwa kanthawi kochepa kankakwanira, koma m'nyumba, momwe khonde lidatchinga dzuwa, diso la kamera linkayenera kukhala lotsegula nthawi yaitali. Munthu akagwedezeka ankatuluka ngati nkhungu, wongodutsa sankaoneka n'komwe. N'chifukwa chake anthu ankawajambulira pakhonde kapena pamasitepe, eni nyumba atakhala pamipando, antchito ataima kumbuyo manja ali m'mbali. Makamera a Kodak a filimu atayamba mu 1888, ndi ka Brownie kotsika mtengo mu 1900, kujambula kudafewa, koma m'kati mwa nyumba mudakhalabe movuta kwa zaka zambiri. Choncho chipinda chooneka chete chija chidali ndi anthu ake: amene adasesa, amene adapukuta galasi la nyale, amene adathyola maluwa a patebulo. Adangopatuka kuti chithunzi chituluke bwino.

Anthu opatukawo ndidawadziwa bwino kudzera mwa amalume, amene ankaphika pa esiteti ina ya tiyi ku Thyolo. Amene akufuna kuona mtundu wa nyumba ndikunenazi akaone Huntingdon House ku Satemwa, yomangidwa mu 1928, imene tsopano imalandira alendo. Ya amalume idali pa esiteti ina, koma kamangidwe kadali kofanana: yotambalala, yosasanjikiza, khonde lalitali loyang'ana minda ya tiyi, kapinga wometedwa bwino kutsogolo. Ife tinkafikira kuseri. Khitchini idali nyumba yakeyake, yolumikizidwa ndi nyumba yaikulu ndi kanjira kofoleredwa, kuti utsi, kutentha ndi ngozi ya moto zikhale kutali. M'menemo amalume adali mfumu. Sitovu yachitsulo ya nkhuni ankaidziwa mtima wake. Analibe chopimira kutentha. Ankangolowetsa dzanja mu uvuni n'kudziwa kuti buledi alowe tsopano kapena adikire. Sankawerenga Chingerezi, koma maphikidwe onse a supu, nyama yootcha, pudini ndi makeke adali m'mutu mwawo.

Kuseri kumeneko kudali nzeru zambiri zimene zithunzi sizionetsa. Madzi osamba ankatenthetsedwa mu mgolo womangiridwa m'njerwa panja, moto uli pansi pake, paipi n'kulowa kubafa. Kabati yosungira nyama idali ya waya wa timabowo, miyendo yake itaima m'zitini za madzi kuti nyerere zisakwere. Wochapa ankasita chilichonse ndi simbi ya makala, ngakhale masokosi ndi matewera, chifukwa ntchentche ina imaikira mazira pa zovala zoyanika ndipo mphutsi zake zimalowa pakhungu. Kutentha kwa simbi ndiko kunkazipha. Simenti ya pakhonde ankaipaka polishi wofiira m'mamawa, n'kuikwecha ndi burashi atagwada mpaka munthu kumadziona nkhope. Kunyezimira kumene mumakuona m'zithunzi kuja ndi mawondo a munthu.

Nthawi ina eni nyumba ali ku tchuthi kwawo, amalume adandigwira dzanja nati, "Mphwanga, pukuta mapazi, ukaone kumene kumapita chakudya changa." Tidadutsa kanjira kofoleredwa kaja, n'kulowa m'chipinda chodyera. Tebulo la mbawa lidali lalitali, mipando itaizungulira, ndipo m'kabati ya galasi mudali mbale zoyera za mizere yagolide. Pabalaza padali galamafoni, wotchi yaikulu yogunda pang'onopang'ono, ndi makatani olemera. Fungo lidali la polishi, la utsi wa nkhuni ndi la mabuku akale. Ndidaima kukamwa kuli yasa. Amalume adandionetsa mpando wina nati, "Uwu adaukonza ndi bambo ako, mwendo udathyoka. Taona ngati ungapeze pamene adalumikiza." Ndidafunafuna osapapeza. Chimwemwe chimene ndidamva tsiku limenelo ndikuchimvabe, chifukwa m'chipinda chimene mwana wakuda sankaloledwa kulowa, ntchito ya bambo anga idali itakhala kale pamalo aulemu.

Sindingakumbukire zokoma zokhazokha ngati kuti zowawa kudalibe. Amalume adachita imvi akuitanidwabe ndi belu, akulowerabe khomo la kuseri. Iwo ndi banja lawo ankagona m'kachipinda kamodzi kuseri kwa mpanda, pamene nyumba yaikulu idali ndi zipinda zogona alendo zokhala miyezi osatsegulidwa. Minda yambiri ya m'mapiri a Shire idalimidwa ndi thangata, anthu kugwira ntchito ngati lendi ya malo amene makolo awo adakhalapo kale. Pansi pa zithunzi zambiri padalembedwa dzina la bwana, la dona, nthawi zina ndi la galu, koma anthu oima kumbuyo adangotchedwa antchito. Zimenezi zimandipweteka mpaka lero. Komabe amalume sankayenda chozyolika. Ankadziwa kuti nyumba ija popanda iwo siingadye, ndipo malipiro awo ochepawo adaphunzitsa ana amene adadzakhala aphunzitsi ndi anamwino dziko litalandira ufulu mu 1964.

Kamera nayo sidakhale m'manja mwa azungu okha. Pa mishoni ya Blantyre padali Mungo Murray Chisuse, mkulu wa ntchito yosindikiza mabuku, amene adafikako ku Scotland ndipo amakumbukiridwa ngati mmodzi mwa Amalawi oyambirira kujambula zithunzi. Iye ndiye adajambula zina mwa zithunzi za John Chilembwe ndi mishoni yake ya Providence Industrial Mission ku Mbombwe, m'boma la Chiradzulu, imene idayamba mu 1900. Chilembwe adamanga tchalitchi chachikulu cha njerwa ndi manja ndi zopereka za anthu akuda, ndipo m'zithunzi iye ndi banja lake amaoneka atavala mwaulemu, akuyang'ana kamera mosaopa. Nkhondo ya mu Januwale 1915 itatha, asilikali a boma adachiphulitsa tchalitchicho. Chikadapanda kujambulidwa, bwenzi lero tikungomva kuti chidali chachikulu. Apa mpamene ndimaona mphamvu ya chithunzi: chimene mfuti ndi mabomba zidafafaniza pansi, pepala lidachisunga.

Luso lophunziridwa m'nyumba zazikulu lidatsikira m'midzi. Aphunzitsi, makalaliki, abusa ndi obwera ku Joni ndi ku Salisbury adayamba kumanga nyumba za njerwa zootcha, za malata, za khonde kutsogolo. Bambo nawo adamanga yawo kumudzi, pang'onopang'ono, chaka chino njerwa, chaka chamawa malata. Zitseko ndi mazenera adapala okha madzulo ataweruka. Pabalaza padali tebulo la mlombwa, mipando yopinda, kabati yoonetsa makapu a alendo, ndi tinsalu toluka ta amayi pa chilichonse. Zithunzi za banja zinkapachikidwa pamwamba, pafupi ndi siling'i, zitaweramira pansi pang'ono. Pakona padali wailesi ija ya Saucepan Special, imene idayamba kugulitsidwa mu 1949, ndipo pambuyo pake idalowedwa m'malo ndi ya Nzeru. Wojambula woyendayenda akafika panjinga, amayi ankatisambitsa, kutidzoza mafuta, n'kutiimika pakhonde, bambo atakhala pampando chipewa chili pabondo. Kwa ine imeneyo nayo ndi nyumba yaikulu ya mbiri, ndipo zithunzi zotere zili m'masutikesi ambiri m'dziko muno.

Nditakula, ntchito ya uphunzitsi idandifikitsa kumpoto, ndipo ndidakwera msewu wokhotakhota wa Gorodi kukaona Livingstonia. Mishoni idasamukira pa Khondowe mu 1894, ndipo magetsi a mphamvu ya madzi adayaka kumeneko mu 1905, matauni ambiri akuunikirabe nyale. Stone House, yomangidwa ndi miyala mu 1903, ndiyo idali nyumba ya Dr. Robert Laws mpaka adachoka mu 1927. Makoma ake ndi ochindikala, ndipo ukaima pakhonde maso amagwera kunyanja kutali pansi. Tsopano muli malo osungira zinthu zakale: zida za udokotala, makalata ndi zithunzi. Pabwalo pake pali chinthu chimene chidandigwira mtima. Boma la atsamunda litalengeza State of Emergency pa 3 Malichi 1959 n'kumanga Dr. Banda ndi anzake a chipani cha Congress, ndege idaponya uthenga kufunsa azungu a pamishoni ngati akufuna kusamutsidwa. Anthu a pamalopo, akuda ndi oyera, adagwirizana zokhala limodzi, ndipo adayankha polemba pansi ndi zilembo zazikulu zoti ndege ione: Aefeso 2:14, vesi lonena za kugumuka kwa khoma lolekanitsa anthu. Zilembozo adadzazikhazika kuti zisafafanizike. Nyumba imodzi ikhoza kusunga mbiri ya kulekana ndi ya kuyanjana pabwalo limodzi.

Ndamvapo achinyamata ena akunena kuti nyumba zimenezi n'za atsamunda, zigwe, tilibe nazo ntchito. Mkwiyo wawo ndimaumva, poti ndidaona ndi maso zimene iwo amangowerenga. Koma ndimawafunsa kuti nyumba ikagwa, chimagwa n'chiyani? Bwanamkubwa adapita kalekale, zidzukulu zake zili kwawo, sizidzamva ngakhale phokoso la kugwako. Chimene chimasanduka chulu ndi njerwa imene adaumba agogo ako, mtanda umene adausenza kutsika Mulanje, chitseko chopanda msomali chija. Anthu amenewa sadalembe mabuku, ndipo ambiri manda awo alibe mwala. Umboni woti adali ndi nzeru, mphamvu ndi luso ndi nyumba zimenezi. Komanso mwana amene sadaone khomo la kuseri, belu ndi kachipinda ka antchito adzamvetsa bwanji chimene makolo ake ankamenyera mu 1959?

Zithunzi zilipo, ndipo si zobisika. M'chipinda cham'mwamba cha Mandala muli laibulale ya Society of Malawi, bungwe limene lidayamba mu 1946, ndipo muli mabuku ndi zithunzi zakale zochuluka. Ku Zomba kuli National Archives. Aphunzitsi azipita nawo ana kumalo amenewa. Koma nkhokwe yaikulu ili m'nyumba mwathu. Adzukulu inu, tsegulani masutikesi a agogo anu iwo akadali moyo. Khalani nawo pamphasa, muwafunse kuti uyu ndani, apa mpati, nyumba iyi adamanga ndani, njerwa adaumbira kuti. Lembani mayankho kuseri kwa chithunzi ndi pensulo, poti inki imadutsa pepala. Chijambuleninso ndi foni, mutumizire abale a ku Johannesburg ndi ku Leeds, ndipo chenichenicho muchisunge pouma, kutali ndi dzuwa ndi chiswe. Kale anthu athu adaima m'zithunzi opanda mayina chifukwa cholembera chidali m'manja mwa ena. Lero chili m'manja mwanu.

Pempho langa lalikulu likupita kwa amisiri a mawa. Nyumba yakale imaphedwa ndi zinthu zing'onozing'ono: lata limodzi lodontha, ngalande yotsekeka, chiswe chosaonedwa msanga, ndi womanga wachangu amene amamata simenti yolimba pa khoma la matope, chinyezi n'kutsekeredwa m'kati mpaka njerwa kufumbutuka. Mankhwala ake ndi munthu wodziwa kamangidwe kakale. Tili ndi masukulu a ntchito zamanja ku Soche, ku Nasawa, ku Livingstonia ndi kwina. Ophunzira a kumeneko azitengedwa kupita ku Mandala, ku Masongola ndi ku Stone House, akayeze makonde, akaone kalumikizidwe ka matabwa, akaphunzire kusakaniza njereza ndi mchenga, zithunzi zakale zili m'manja kuti adziwe mmene nyumbayo idalili poyamba. Akuluakulu amene adagwirapo ntchito zimenezi akadalipo ena m'midzi, maso akuchita chidima koma mitu ili bwino, ndipo angakondwe kufunsidwa. Ku Mulanje nako mbande za mkungudza zikubzalidwa, ndipo zikufuna anthu oziteteza ku moto. Tikasunga luso ndi mtengo, nyumba zidzapeza ozikonza, ndipo ana a amisiri aja adzamanga zawo zazikulu zimene adzalowere khomo la kutsogolo.